Ndevu, Galu wa a Sisita

Panali munthu wina ku Chinzombo, m'zaka za m'ma 1990, dzina lake Paskale. Anali msodzi, munthu wabwino ndithu, koma wodziwa zonse. Mukamuuza chinthu lero, iye amakhala atachidziwa kale dzulo.

Neba wake anali a Inonge, nesi wochokera ku Mongu, amene aliyense ankangowatchula kuti a Sisita. Iwo anali ndi kagalu ka mtundu wa ku Scotland, kakuda bii, ka miyendo yaifupi, ndevu ngati za mbuzi. Dzina lake linali Ndevu. Mzungu wina wa pa loji ya alendo odzaona nyama anakasiyira amuna awo pobwerera kwawo, ndipo amunawo atamwalira, a Sisita anatsala ndi kagaluko basi. Kanali kamakani, kokumba paliponse. Mlendo akakaitana kankangomuyang'ana, koma a Sisita akangotsokomola, kafika kale.

Mwezi wa Okutobala a Sisita anaitanidwa ku maphunziro ku Chipata kwa sabata imodzi. Anapita kwa Paskale atanyamula chingwe, mbale ndi bulashi.

"A neba, mundisungireko Ndevu. Masana azikhala pamthunzi, ubweya wake ndi wambiri. Muzimupesa, ndipo poyenda musamumasule, akaona gologolo samva. Koma chachikulu, kumadzi ayi. Agalu awa kusambira kumawavuta. Thupi limalemera, miyendo ndi iyi mukuionayi."

Paskale anaseka. "A Sisita, galu wosadziwa kusambira? Ine ndakulira pa Luangwa."

"Ndanena, a neba."

Tsiku lachitatu kunatentha koopsa. Ndevu anali wefuwefu, lilime panja. Paskale anapita naye ku dziwe kumene anzake ankasoka maukonde. Anzakewo anayamba kumuseka kuti wasanduka mlezi wa galu. Iye anawafotokozera zija za kusambira, onse n'kufa nacho chikhakhali. Pofuna kuwaonetsa kuti a Sisita sadziwa kanthu, anakwera ndi Ndevu m'bwato, n'kumuponya pakati pa dziwe.

Ndevu anapalasa kangapo, mphuno ili m'mwamba, kenako anamira. Paskale anadikira kuti atumphuka. Pamene ankaponya ukonde, kunali kutachedwa. Anamukwirira kuseri kwa chulu, chingwe n'kukachisomeka kudenga la nyumba yake.

Mkazi wake Felister anati, "A Sisita akabwera muwauze zoona, bambo."

"Ndiyambira pati? Anandichenjeza ndi pakamwa pawo."

A Sisita atatsika minibasi ku Mfuwe anafikira kwa Paskale, atanyamula mafupa amene anagulira galu wawo. Paskale anazyolika.

"Anadula chingwe, a Sisita. Anaona gologolo n'kulowa m'tchire."

Iwo sanamukalipire. "Si mlandu wanu, ndi khalidwe lake. Abwera, mawu anga amawadziwa. Ndizikamufuna ndikaweruka madzulo, seventini awazi."

Mawu amenewo anamupweteka Paskale kuposa mbama.

Kuyambira tsikulo, madzulo aliwonse a Sisita ankavala majombo a malemu amuna awo n'kulowa m'tchire la Lupande akuitana Ndevu. Mbale ya madzi ankaisiya pakhomo. Paskale ankamva kuitanako ali pakhonde pake, chakudya osalowa. Anthu anawachenjeza a Sisita za njovu, iwo osamva. Paskale yekha ndiye akanawaletsa, koma anatseka pakamwa. Tsiku lina anachita kuwaperekeza, nayenso n'kumaitana galu amene anamukwirira ndi manja ake. Manyazi ndi oipa, abale.

Sabata yachitatu a Sisita anakodwa mu msampha wa waya umene opha nyama anatchera nswala. Wayayo anadula mtsempha wa pakakolo. Anawapeza amayi otola nkhuni. Anagonekedwa m'chipatala ku Chipata mwezi wathunthu, ndipo anabwerako akutsimphina, ndodo ili m'manja.

Paskale anatsitsa chingwe chija kudenga n'kupita kukawaona. Anawapeza atakhala pampando, mwendo atausanjika pa ndowa.

"Mwaswera bwanji, a neba?" anatero a Sisita. "Ndevu sanabwereko ndili kuchipatala?"

Paskale anagwada, n'kuika chingwe pamapazi awo. A Sisita anachitola, n'kuchiyendetsa m'manja kuyambira kumutu mpaka kumapeto.

"Chingwechi sichinaduke."

Apo ndi pamene anaulula zonse, za dziwe, za bwato, za chulu. Analira ngati mwana.

"Za galu ndikanalira, n'kukukhululukirani tsiku lomwelo," anatero a Sisita motsitsa mawu. "Koma munayenda nane m'tchire muja, a neba. Munaitana nane."

Anangopempha chinthu chimodzi, kuti akawaonetse chulucho. Anapita awiriwiri, Paskale patsogolo, ndodo ikugogoda pambuyo pake njira yonse. Chaka chisanathe a Sisita anapempha kusamutsidwa. Amene anawaona ku Mongu patapita zaka akuti anali akutsimphinabe.

Phunziro: Mwini chiweto akakuuza kasamalidwe kake, mvera, chifukwa agalu sali ofanana. Ndipo ukalakwa, ulula tsiku lomwelo. Kusamva kwa Paskale kunapha galu, koma bodza lake ndi limene linalumalitsa munthu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene muli nawo pafupi aja odziwa zonse.