Mwala Wonolera Umene Bambo Anamata

Panali munthu wina wogulitsa nyama, mwana woyamba kubadwa pakhomo pawo. Nkhani yake ndi yoona, anaulula ndi mkazi wake yemwe, ndipo ine nditaimva mtima unandiwawa tsiku lonse.

Bambo ake anali kalipentala. Atadwala sitiroko dzanja lamanja linafa, maso nawo anayamba kuchita nkhungu. Zipangizo zonse anagawa, koma anasunga mwala wonolera wakalekale womatidwa ndi guluu m'kabokosi kathabwa. Anapempha mnzawo kuti akhomere kabokosiko pabenchi ya pakhonde kuti kasamasunthe, iwo n'kumanola mipeni ndi masizasi a anthu ndi dzanja lamanzere lokhalo. Ntchito imeneyi ndi imene inkawadzutsa m'mawa. Ankati, "Bola ndikunola, sindinathe."

Mwanayo ankausirira mwalawo, poti mipeni ya kubutchala kwake sinkachedwa kubuntha. Tsiku lina anakokera amayi ake pambali.

"Amayi, mwala uja ndiuchotse m'bokosi ndikanolere kuntchito. Ndibweza."

"Usayerekeze," anatero amayi. "Mwala umenewo unasweka iwe usanabadwe. Bambo ako anaulumikiza bwinobwino, ndipo bokosilo ndi limene laugwira. Bweretsa mipeniyo akunolere."

Koma iye, bwana wabutchala, akaime pakhonde la bambo ake ngati kasitomala? Matama, abale!

Akudandaula zimenezi kuntchito, munthu wina wodzagula chiwindi anamva. "Aaa, achimwene, amayi adziwa chiyani za miyala? Thirani madzi otentha guluuyo afewe, lowetsani tchizulo m'mbali, hamala kamodzi, basi watuluka." Munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe, wongodutsa, koma mawu ake anaposa a mayi womubereka.

Anadikira tsiku limene makolo ake anapita kuchipatala. Mkazi wake anali pomwepo, akusesa pakhomo pa apongozi akewo.

"Bambo a mwana, si paja amayi anakana?"

"Iwe sesa."

Anathira madzi otentha, analowetsa tchizulo, anamenya. Mwala unangoti phwa! zidutswa zitatu.

Apatu munthu wamtima akanadikira makolo n'kugwada. Iye ayi. Anathamangira kugolosale, anagula guluu, anabwezera zidutswazo m'bokosi mwaphuma, china chitakwera pang'ono kuposa zinzake. Kenako anapaka mafuta akuda pamwamba kuti ming'alu isaoneke. Kwa mkazi wake anangoti, "Ukangoyasamula, ulongedze."

M'mawa mwake telala anabweretsa sizasi kwa bambo aja. Mkuluyo anainola monga mwa masiku onse. Ankamva ikugunda penapake, koma maso osaona bwino, anangoti ndi dzanja likunjenjemera. Dzuwa lisanalowe telala anabwerera atakwiya.

"Madala, mwaitani sizasi yanga? Ikutafuna nsalu ya eni ake!"

Mayi wina anabweza mpeni uli manomano. Mbiri inawanda yoti mkulu uja watha, akuwononga zinthu za anthu. Pakhonde panati zii. Mkuluyo ankakhala pabenchi n'kumatembenuza dzanja lake lamanzere, kuliyang'ana ngati mnzake amene wamuthawa.

Amayi anamufunsa mwanayo. "Iwe, mwala uja sunaukhudze?"

"Ine? Amayi, tingovomereza, bambo akalamba. Apume."

Anayankha maso ali gwa, manyazi olo pang'ono. Ankabwera kudzawazonda, kuwabweretsera nyama, n'kumawasisita paphewa: "Musadzivute bambo, ukalamba sulimbana nawo." Njoka yeniyeni! Liwu limodzi lokha likanawabwezera bambo ake moyo, iye anasankha kuteteza nkhope yake.

Tsiku lina mkuluyo anamuitana pakhonde. Ankalankhula movutika, mawu akukoka.

"Zula bokosili, mwana wanga. Tenga."

"Ayi bambo, ndi lanu."

"Tenga. Amayi ako anandiuza kuti unkaufuna. Mwalawu ndi wabwino, sunandinamizepo. Latha ndi dzanja langali." Anapuma pang'ono, n'kuwonjezera, "Koma usadzauchotse m'bokosi. Ungasweke."

Mkazi wa mwanayo, amene ankamva ali pakhomo, anathawira kuseri kukalira. Mwanayo anatsegula pakamwa. Mpata unali umenewo, Mulungu anamupatsa m'manja. Mukudziwa chimene ananena?

"Zikomo, bambo."

Anazula misomali, ananyamula bokosi, anapita.

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo sanatulukenso pakhonde. Amayi akamudzutsa ankangofunsa, "Ndidzukirenji?" Chakudya ankangochilawa. Sipanapite nthawi, anamwalira akukhulupirira kuti dzanja lake ndi limene linamuchititsa manyazi.

Maliro atatha, mwanayo anaimirira pamaso pa abale n'kumadzitama kuti bambo anamusiyira mwala wawo chifukwa ankamudalira. Mkazi wake sanathenso kupirira. Anathamangira kunyumba kwawo, anabweretsa bokosilo, anapukuta mafuta aja ndi nsanza pamaso pa onse. Ming'alu inaonekera, guluu watsopano ali mbee.

Amayi anayendetsa chala pamwalapo mpaka chinakodwa pa chidutswa chokwera chija. Sanakuwe, sanatukwane. Anangomuyang'ana mwana wawo n'kunena kuti:

"Usiku uliwonse bambo ako ankalimenya dzanja lija pakhoma, akulifunsa chimene analilakwira."

Phunziro: Ukawononga chinthu, ulula msanga. Mwala wosweka umalumikizika, koma munthu amene wamuchititsa kudziona ngati watha sungamumate ndi guluu. Kholo likati usakhudze, pali chimene likudziwa, ndipo munthu wongodutsa sadzakhalapo tsiku lolira. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene makolo awo akadali moyo. Ngati pali chimene mukubisa pamene wina akudziimba mlandu, pitani mukanene lero.