Zigamba za Pauline

Njinga yamoto inamutsitsa Pauline kutada kale. Ku Champiti kuno anali asanafikeko chibadwire. Mdima, fumbi, kamphepo kolowa m'mafupa. Wakabaza analoza nyumba ya malata yokhala ndi chimbale choyera padenga, nalonjeza kudzamutenga m'mawa.

"Sola," anatero Pauline chamumtima. "Bola magetsi ali nawo."

Ku Blantyre ananyamuka masana, mkwiyo uli pakhosi. Nkhani yake inali iyi. Iye ndi anzake ankakonza pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi a kachewere kudziwa mitengo ya m'misika. Inali yaulere. Aliyense ankatha kuitsegula, kuona pamene pang'ambika, n'kutumiza chigamba. Ndi mmene ankatchulira, chigamba. Wosokerera zigambazo anali Silvester wa ku Champiti. Pauline ankatumiza zake pa imelo, kwa Silvester yekha, monga anamulangizira pachiyambi pomwe. Maso ndi maso anali asanaonanepo.

Kenako Tracy, mnzake wa kukoleji, anabwera ndi zatsopano. Tsamba la pa intaneti. Zigamba zonse zizipita kumeneko, aliyense aziona wachita chiyani. Silvester analembera Pauline modandaula. Kuno netiweki timaifuna pachulu, anatero. Imelo ndi yoleza mtima, imadikira mpaka ipeze mpata. Tsamba lanulo lindisiya panja.

Pauline anamuikira kumbuyo. Anakangana ndi Tracy mpaka kusiya kupatsana moni. Analumbira kuti tsambalo sadzalitsegula n'komwe, ndipo sanalitsegule. Zigamba zake zinapitirira kudzera kwa Silvester, amene ankati amakaziika pa tsambalo akapita kuboma. Zinkaoneka ndithu mu pulogalamu. Vuto panalibe.

Vuto linabwera ndi ntchito. Bungwe lina lakunja linafuna kulemba munthu mmodzi mwa okonza pulogalamuyo. Pauline, amene ankangodalira timaganyu, anafunsira. Yankho linali lalifupi: dzina lanu silikupezeka pa chigamba chilichonse.

Basi. Tracy wafafaniza dzina lake. Mnzake wodyera naye mbale imodzi! Mboni inatsala ndi Silvester yekha, koma maimelo sankayankha. Netiweki ya pachulu ija. Ndiye Pauline anakwera basi.

Atagogoda pa nyumba ya malata ija, anamutsegulira ndi mayi wansangala, Lufina, mkazi wa Silvester. Anamulandira chikwama, namuthirira madzi ofunda m'manja. Posakhalitsa mwini nyumba anatulukira kuchipinda, n'kukoka chitseko kumbuyo kwake. Wamtali, wajekete latsopano, mawu ofatsa ngati a mkulu wa mpingo.

"Achemwali! Mwavutikiranji mtunda wonsewu?"

Pauline anakhuthula zonse. Tiyi anazizira m'kapu. Silvester ankangopukusa mutu.

"Tracy ameneyu! Anthu a m'tauni chisoni alibe."

"Inenso ndine wa m'tauni, achimwene."

"Ayi, inu ndinu wathu. Lachisanu ndikupita kuboma. Ndikawalembera ndekha azunguwo, adziwe mwini zigamba."

Mtima wa Pauline unakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba m'masabata angapo anapuma bwinobwino. Anapisa m'thumba, natulutsa fulashi.

"Ichi ndasokera inuyo. Chigamba chachikulu kuposa zonse. Pulogalamu izigwira ntchito ngakhale kopanda netiweki. Chandidyera miyezi."

Silvester analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono.

"Mulungu akudalitseni, achemwali. Anthu ngati inu anatha."

Anagona pamphasa, m'chipinda cha ana, tulo tabwino.

Kutacha, Silvester anali atalawirira kudimba. Lufina anali atamanga kale kathumba ka kachewere, poti mlendo sabwerera chimanjamanja. Wakabaza anafika, nayima kumsewu injini ikulira. Pauline anatuluka pabwalo. Mwachizolowezi cha m'tauni anatulutsa foni, naikweza m'mwamba, kutembenukira uku ndi uku.

Lufina anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Mukusaka intaneti? Bambo ake Ian sanakupatseni nambala yachinsinsi yolowera? Koma amunawa ulemu alibe! Bweretsani."

Anatenga foniyo, nadinadina mwachangu ngati wozolowera, n'kuibweza. Inayamba kunjenjemera ndi mauthenga.

"Chimbale chili padengacho," anatero Lufina monyadira. "Chaka chachiwiri chino, sichinativutepo. Nanga azungu aja amulemba ntchito sabata yathayi akanamupeza bwanji? Dzulo lomweli wagona tambala akulira, akuti akuwatumizira azunguwo ntchito yatsopano."

Pauline anayang'ana padenga. Anayang'ana foni. Chala chinapita chokha ku tsamba lija analumbirira.

Pamwamba penipeni panali chigamba chake chadzulo, chitaikidwa usiku womwewo. Pansi pake panandandalika zina zonse za zaka zija, ndipo chilichonse chinali ndi dzina la mwini wake: Silvester.

Wakabaza analiza hutala. Kachewere uja anatsala pakhonde.