Luwiza Sadaimbe Wezulo

Tamverani kuno, inu a kumunsi kwa Guilleme, ndi inu amene mumangomva za ife madzi akatipweteka. Ndikunena za Luwiza Namwale, mkazi wa a Pius, amene tidamuika m'manda tikumunyoza.

Luwiza ndiye ankayang'anira mzati. A bungwe lina adadzazika mzati wachitsulo mu mtsinje wa Kanyungu, wopaka penti: pansi pobiriwira, pakati pachikasu, pamwamba pofiira. Madzi akakhudza pofiira, ntchito yake idali kuimba wezulo kuti aliyense athamange kukamasula mbuzi. Paja dzinja mbuzi timazimangirira kudambo, kuopa chimanga cha eni. Adangomupatsa wezuloyo ndi jombo zomukulira. Wezulo adammanga pa kansalu kong'amba ku chitenje chake cha kutchalitchi, kabuluu ka maluwa oyera, ndipo ankagona naye m'khosi.

"A Namwale, kodi mudakwatiwa ndi ine kapena ndi mzati?" ankatero a Pius.

"Mzati sununkha kachasu," ankayankha Luwiza, uku akuvala jombo.

Lamulungu lija dzuwa lidali likuswa mtengo. Kumapiri kokha, cha ku Zambia, ndiko kudali kutada bii. Anyamata a ku Kapondo adabwera kudzamenya mpira, mudzi wonse n'kukhamukira kubwalo. A Pius adaima kumbuyo, pa chulu. Woimbira adali a Lovemore, tcheyamani wa komiti ya mtsinje, munthu wokonda kuoneka. Ankaimba ndi pamene palibe walakwa, anthu n'kumafa ndi phwete.

Madzi adafika kwathu kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Mpira utatha, anthu potsika adapeza dambo lonse lasanduka madzi ofiira, mzati wosaoneka ndi nsonga yomwe. Mbuzi zambiri zidafera pa zingwe. Zina zidapezeka kumtunda zikukoka zingwe zawo, eni ake n'kumati Mulungu ngwamkulu, zadzimasula zokha.

Luwiza adapezeka m'mawa mwake mu bango, kumunsi kwa pamene adamangirira mbuzi zake. Jombo imodzi kuphazi. M'khosi mopanda kanthu.

Nkhani idapsa mtembo usanasambitsidwe. Akuti waona madzi afika pofiira, m'malo moimba wathamangira mbuzi zake. Filomena, amene khola lake lidatsala pululu, adakana kupereka ufa wa pamaliro. Nkhuni zidabwera zongokwanira kuti asanenedwe. Amayi ankaimba nyimbo zapasiwa milomo yokha, mtima uli kwina.

Kumanda a Lovemore adalankhula m'malo mwa komiti, atavala jekete yotseka mpaka m'khosi.

"Womwalira sitimuweruza ayi," adatero. "Koma amene adzatenge ntchito iyi aziyamba waganiza za mudzi, zake pambuyo."

Anthu adavomereza ndi mitu. A Pius adangoyang'ana dothi.

Chowawa n'chakuti nawonso adakhulupirira. Adasanthula nyumba yonse, m'dengu, pansi pa mphasa, m'thumba la tchalitchi, kuti mwina mkazi wawo adaiwala wezulo, apeze pomuikira kumbuyo. Kudalibe. Ndiye kuti adali naye, madzi n'kumulanda m'khosi. Adasiya kupita kutchalitchi, adasiya ndi kumowa komwe. Akaona munthu akubwera ankapatukira m'chimanga. Masana ankakhala pa gombe moyang'anana ndi mzati uja, n'kumamufunsa ngati ali pomwepo.

"A Namwale, mbuzi? Mpaka kundisiya ndekha chifukwa cha mbuzi, n'kundisiyiranso manyazi? Kungoika pakamwa n'kuuzira, chidavuta n'chiyani?"

Madzi adabwerera pobiriwira ngati sadalakwe.

Mvula itatha, chimanga chitayamba kuuma, Lamulungu lina a Pius akuchokera kumtsinje adadzera m'mphepete mwa bwalo. Mpira udali pa kupuma. A Lovemore adabwera chakomweko kudzamwa madzi, thukuta lili kamukamu, atamasula mabatani a malaya.

A Pius adaima. Pachifuwa paja padali kansalu kabuluu ka maluwa oyera.

"Atcheya, wezulo uyu mudamtenga kuti?"

A Lovemore adatsamwa madzi. Adayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kutsitsa mawu.

"Wathu wa mpira adasweka, ndidangokabwereka kwa mkazi wanu m'mawa wa mpira wa Kapondo uja. Ankakana, ndidachita kumukumbutsa kuti katunduyu ngwa komiti. Kudali dzuwa, a Pius, mudaona nokha. Akadadziwa ndani?"

Ndiye inu amene mumati Luwiza sadaimbe: wezulo wake tidamumva tonse tsiku lija, tikuwomba m'manja. Mbuzi sidzimasula yokha. Luwiza adayambira kumasula zanu, zake n'kuzisiyira kumapeto. Mukamatsekula makola m'mawa, chonde muzimutchula dzina.