Dazi la Kalaliki ndi Timauthenga ta Pakona

Panali munthu wina, kalaliki wa pasukulu ya sekondale, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri osalandirapo kalata ya chenjezo. Amene anandiuza nkhaniyi amaphunzitsa pasukulu pomwepo, ndipo akuti ndi yoona. Ntchito yaikulu ya bamboyu inali kutayipa mayeso. Aphunzitsi ankamupatsa mafunso olemba pamanja, iye n'kuwatayipa pa kompyuta ya muofesi, kenako mapepala apamanjawo n'kuwawotcha kuti asagwe m'manja mwa ana. Choncho mayeso onse a teremu ankakhala malo amodzi basi, m'kompyutamo.

Mphunzitsi wa kompyuta pasukulupo anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, munthu wanthabwala wosasunga mawu m'kamwa. Iyeyu anali atamuchenjeza kale kuti tsamba lililonse la pa intaneti likapempha chilolezo chotumiza mauthenga azikana, ndipo zikamusokoneza azimuitana.

Koma kalalikiyu anali ndi dazi limene linkamudya mtima. Tsiku lina nthawi yopuma, ali yekha, anafufuza pa intaneti mankhwala omeretsa tsitsi. Kabokosi kanatulukira kupempha chilolezo, ndipo poti kankamutchingira zowerenga, anangodina kuvomera.

M'mawa mwake timauthenga tinayamba kutumphuka pakona ya sikirini. Poyamba tinali ta mafuta a tsitsi. Pofika Lachitatu tinali ta mankhwala a mphamvu za abambo, ndi zithunzi za atsikana ovala ngati nsalu inawathera. Akatseka kamodzi, kankabwera kena ndi kulira kwake, ting'i.

Tsoka lake, ofesiyo ankakhalamo ndi a hedi, mayi wachikulire amene tebulo lawo linali cha kumbuyo kwake. Bamboyu anakhotetsa sikirini kuloza kukhoma mpaka khosi linayamba kuwawa. Anazula waya wa sipika. Anamata envelopu pakona ija, koma timauthengato tinkasanjikizana mpaka kusuzumira pamwamba pa envelopuyo. Anasiya kupita kukamwa tiyi, ndipo ngakhale kuchimbudzi ankapita atazimitsa kompyuta. Mpando umene anaukonda zaka zonsezo unasanduka ndende yake.

Kangapo konse mlamu uja anadutsa pakhomo n'kufunsa ngati zonse zili bwino, iye n'kuyankha kuti kulibe vuto. Mumtima ankadziwa kuti mlamuyo akangoona zithunzizo, nkhani ikafika kwa mkazi wake dzuwa lisanalowe, itathiridwa kale mchere. Ndani akanakhulupirira kuti zonsezi zinayambira pa tsitsi?

Lachisanu, tsiku losindikiza mayeso, kunatuluka uthenga wofiira wonena kuti kompyutayo yagwidwa ndi vairasi, ndipo pansi pake panali nambala ya foni. Kalalikiyu anapuma mpweya wautali. Munthu wosakudziwa sangakuseke, komanso sadziwa kwanu. A hedi atangopita kumsonkhano wa aphunzitsi, anaimba.

Anayankha mwamuna wa mawu ofatsa, waulemu kuposa wansembe. "Musadandaule bambo, izi timakonza tsiku ndi tsiku. Palibe amene adziwe. Mungochita zimene ndikuuzeni."

Mawu akuti palibe amene adziwe ndi amene anamumaliza. Anatsegula tsamba limene anauzidwa, n'kuika kapulogalamu kena, n'kumuwerengera munthuyo manambala amene anaoneka pasikirini. Kenako anauzidwa kuti achotse dzanja pa mausi. Kamuvi ka pasikirini kanayamba kuyenda kokha. Kanatsegula foda ya mayeso, kanatsegula ya mayina a ophunzira, iye akungoyang'ana manja ali pamiyendo. Atafunsa kuti kumeneko akukatani, foni inaduka. Sikirini inada, n'kutsala mawu ochepa onena kuti mafayilo onse atsekedwa ndipo owafuna alipire.

Anazimitsa n'kuyatsanso kasanu, koma mawu aja anali pomwepo. Nambala ija sinkalowanso. Mayeso anali oti ayambe Lolemba, ndipo mapepala apamanja anali phulusa m'mgolo kuseri kwa ofesi. Apa mpamene anapita kukagogoda kwa mlamu wake.

Mlamuyo anabwera, n'kumatula envelopu ija, n'kumvetsera nkhani yonse kuyambira pa dazi. Tsiku limenelo sanaseke. Anati mafayilo otsekedwa chonchi iye sangawatsegule, ndipo kulipira mbavazo n'kuthira madzi m'dengu. Kenako anamutengera ku kompyuta ina n'kumuonetsa pamene pamakhala mndandanda wa masamba ololedwa kutumiza mauthenga. Kudina katatu, tsamba lachotsedwa. Uthenga wa vairasi uja nawonso unali kabodza kochokera ku tsamba lomwelo, kompyuta inalibe matenda alionse mpaka kalalikiyo ataitsegulira yekha mbava.

Mayeso anaimitsidwa milungu iwiri kuti aphunzitsi alembenso mafunso, makolo analusa, ndipo komiti ya sukulu inamuchotsa ntchito. Tsiku lolongedza katundu wake, a hedi anamuperekeza mpaka pakhomo, nkhope ili yachisoni.

"Bambo, bwanji simunanene? Tizithunzi timeneto tinandivutitsanso ine mwezi watha pa kompyuta yanga. Ndinaitana alamu anuwa, ndipo tiyi wanga asanazizire anali atatichotsa."

Phunziro: Manyazi anapha lambe. Tsamba likakupemphani chilolezo chotumiza mauthenga, kanani. Timauthenga tikayamba kutumphuka, musatidine ndipo musaimbe nambala imene tikukupatsani, itanani munthu amene mukumudziwa nkhope ngakhale akusekeni, chifukwa kusekedwa kumatha tsiku lomwelo. Tumizirani nkhaniyi makolo anu, anzanu akuntchito ndi aliyense amene sikirini yake yayamba kuloza kukhoma.