Zilembo Zisanu ndi Ziwiri

"Bambo akufuna iweyo," anatero mlongo wake pomutsegulira chitseko cha kuchipinda. "Chiyambire m'mawa akungokweza zala zisanu."

Zala zisanu, ndiye kuti iyeyo basi. M'banja lonse panalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Zisanu.

Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake omwewa, amene anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu. Tsiku lililonse akaweruka ankakhala patebulo ndi nyuzipepala, n'kumadzaza mawu a Chingerezi m'timabokosi ta patsamba lomaliza. Ana ankawaimika pamzere ngati asilikali. "Zilembo zinayi, loyamba ndi B, lothera ndi D, limauluka." Mlongo wake ankangolilavula liwulo. Iye mutu unkaima. Tsiku lina, alendo ali pomwepo, bambo anamuloza ndi cholembera chawo chofiira n'kunena kuti, "Uyu ndi liwu la zilembo zisanu, loyamba ndi I, lothera ndi T." Alendo anaseka mpaka kugwira nthiti. Alendowo atapita, mlongo wake anamunong'oneza kuti IDIOT ndiye kuti chitsiru.

Sukulu inamukanika, kaya anaikana yekha, ndani akudziwa. Anakalowa ntchito kufakitale yosungunula zitsulo, ndipo wakhala pang'anjo zaka makumi awiri mpaka manja onse zipsera zokhazokha. Bambo sanapondeko ngakhale tsiku limodzi. Paukwati wake sanabwere. Anangobweza khadi yowaitanayo atazunguliza ndi inki yofiira malo awiri pamene Chingerezi chinalakwika. Kuyambira pamenepo Zisanu sanapondenso pakhomo pano.

Lero wabwera, ndipo m'basi njira yonse amakonza mawu owalasa nawo.

Koma munthu amene anamupeza pabedi sanali wolasika. Sitiroko inawapha mbali yonse yakumanja. Pakamwa panapotoka, lilime linkangolemera, mawu osatuluka. Diso limodzi linkachucha misozi. M'chipindamo munkanunkha mankhwala. Pakatebulo panali magalasi, kapu ya madzi ndi cholembera chofiira chija, ndipo pansi pa pilo panatulukira nsonga ya nyuzipepala yopindidwa.

"Ndabwera, bambo," anatero Zisanu ali chiimire.

Bambo anamuyang'anitsitsa. Kenako dzanja lawo lamanzere linafufuza pakatebulo, linatola cholembera, linakoka envulopu yakale n'kuitembenuza. Anayamba kulemba movutikira, thukuta lili kamukamu pachipumi. Analemba F, n'kujambula kamzere. Analemba R, n'kujambula timizere titatu. Pomaliza E wopindika ngati wa mwana wa sitandade wani.

F _ R _ _ _ E

Anamukankhira envulopuyo, n'kumuloza pachifuwa ndi cholembera.

Zisanu anafuna kuseka ndi mkwiyo. Mpaka lero, abale? Munthu akununkha kumanda, koma mayeso ayi ndithu, sasiya! Komabe maso ake anawerenga okha. Malo asanu ndi awiri. Chilembo choyamba F, chachitatu R, chomaliza E. Anayang'ana diso lolira lija, anayang'ananso papepala. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, liwu linamubwerera lokha, osalisaka.

FORGIVE. Khululuka.

Ndiye kuti mdalayu amadziwa! Zaka zonsezi amadziwa zimene anachita, kungoti pakamwa pake sipanazolowere kupepesa. Wadikira mpaka lilime life, ndiye wapepesa m'njira yokhayo imene amaidziwa, ya timizere ndi timabokosi. Sanaitane mwana wawo wanzeru amene amawasambitsa tsiku ndi tsiku. Anaitana chitsiru chija, ndipo achipatsa liwu loti chikwanitse.

Mawu onse a m'basi aja anasungunuka. Zisanu anatenga cholembera m'manja mwa bambo ake, n'kudzaza timizere tija mosamala ngati akuthira chitsulo chamoto m'chikombole. O. G. I. V. Zilembo zonse zinakwana, osatsala malo ngakhale amodzi.

Anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja lakufa lija.

"Ndakukhululukirani, bambo. Za dzina lija, za khadi ija, zonse. Ndinkakudani kwambiri, sindinama. Koma zatha lero."

Analira ngati mwana, bambo wamkulu wa ana atatu, osachita manyazi. Pachitseko mlongo wake nayenso ankapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Bambo anakoka envulopu ija, anaiyandikitsa kumaso, anaiwerenga nthawi yaitali. Kenako anatola cholembera n'kudula liwu lonselo ndi chimtanda chofiira. Anasolola nyuzipepala pansi pa pilo n'kugogoda patsamba lomaliza. Timabokosi tonse tinali todzaza ndi zilembo zopindika, kupatula mzere umodzi wa malo asanu ndi awiri, momwe munali F, R ndi E basi.

Mlongo wake anawerama n'kuwerenga funso la mzerewo.

"Akufuna dzina la Chingerezi la ng'anjo yosungunulira zitsulo. Ndiye chifukwa chake anaitana iweyo." Ndipo mwa chizolowezi chakale, liwulo linangomupulumuka: "FURNACE."

Bambo anamwetulira mwana wawo wamkazi ndi mbali yamoyo ya pakamwa. Kenako anatembenukira kwa Zisanu, amene anali chigwadire, n'kukweza zala zisanu.