Mzere Wofiira pa Chikala

"Imitsa apa, kotsalaku tiyenda wapansi," anatero bwana Harker, mzungu wa ku Boma amene Blasius Pitala ankamuyendetsa pa galimoto.

Linali Lamulungu, ndipo bwanayo anati akungofuna kukapitidwa mphepo m'phiri la Chikala. Koma njira yonse sanacheukire mbalame kapena mathithi. Ankangowerenga zitsa za mitengo, mapu ali m'khwapa. Blasius ankangomutsatira pambuyo.

Atafika pamwamba, bwana analoza nyumba zomwe zinali m'tsinde mwa phirilo.

"Mudzi uwo ukuudziwa?"

"Ndi kwathu, bwana. Pa mitengo ya mango apo ndi pamene tinaika amayi. Munda uwo ndi wa achemwali anga, a Sabina."

"Mabanja alipo angati?"

"Makumi atatu."

Bwana anatambasula mapu pamwala, natulutsa pensulo yofiira. Anajambula mzere wozungulira phiri lonse, mudziwo uli mkati.

"Mkati mwa mzerewu Boma likufuna mitengo yokha," anatero bwana, akumwetulira. "Wandithandiza, Blasius. Ndimadandaula kuti womasulira ndimupeza kuti. Mawa ukawauza ndiwe kuti asamuke."