Mkukuluzi Pansi pa Mkuyu

Nkhwangwa zinali zinayi. Feliya anaziwerenga ali chiweramire pakasupe, mwana ali kumsana, ndowa isanafike ndi pakati pomwe.

A Kalekeni, kapitawo wa kuesiteti, anali atanena kale kuti lero agwetsa mitengo yonse ya katope. Akufuna mphanda za zigafa fodya asanakhwime. Kuseri konse kwa Santhe, kumene nyumba zadya dambo, mitengo yachilengedwe yotsala ndi yomweyi, isanu ndi iwiri, ndi mkuyu umodzi. Yakumtunda anadula chaka chatha, madzi n'kupita nayo. Akadula pano, ndiye kuti Feliya azikafola maola awiri pamjigo wa kusukulu, dimba lake la mpiru n'kuuma.

Kudandaula anadandaula mpaka kutopa. Ndiye iye ndi mnzake Maliya anapeza njira ina: chubu chakale cha tayala la ngolo, chodzaza mchenga. Ukachikoka pamatope m'mamawa chimasiya mkukuluzi ngati wa nsato. Kawiri konse atenanti otumidwa kudzadula mitengo anauona n'kubwerera. Lero wokoka anali Maliya.

Ndipo anakoka bwino. Mkukuluzi unatuluka pansi pa mkuyu, n'kukhota mofatsa, n'kulowa m'bango. Ngakhale kamzere ka valavu ya chubu, kamene Feliya ankamukalipira nako nthawi zonse, sikanaoneke.

Atenanti anaima. A Kalekeni anayandikira.

"Mayi, nsato yanuyi imayenda tsiku lokhalo limene ife tikubwera?"

"Kaifunseni. Ine si mlembi wake."

"Mkukuluzi ngakhale mwana wokoka thumba amapanga. Anyamata, yambani ndi uwo."

Mmodzi analavulira m'manja n'kugwira mpini. Achule anali chete. Mpheta zokha ndizo zinkalalata m'bangomo ngati zaberedwa.

Apo Feliya anaona chinthu chotuwa chitakola pabango, mkati ndithu. Maliya ankanena kuti akapempha khungu lofundula nsato kwa achimwene ake a ku Chisemphere. Kani wabwera nalo mkazi uja.

Feliya anakweza chitenje, anakhwimitsa mbereko, analowa. Matope m'mawondo, bango likumucheka mikono. Anatsata mkukuluziwo mpaka pamene panali khungupo, anawerama, anakoka. Linkangobwera, osatha. Mwana anayamba kulira.

Anatuluka nalo n'kuliponya pamapazi pa kapitawo. Linali lofewa, lachinyezi, kutalika kwake magoli awiri a ng'ombe.

"Thumba lanu lija ndi limeneli," anatero. "Dulani. Koma woyamba kudulayo atiuziretu kwawo, tidziwe kotumiza uthenga."

Palibe anaseka. Wamalovu m'manja uja anayamba kuyenda chafutambuyo, anzake n'kumutsatira. A Kalekeni anayang'ana khungu, anayang'ana bango, anati mphanda akazifuna kwina, zapanozi n'zokhota.

Feliya anadikira mpaka mawu awo atazimirira. Kenaka anakhala pansi, msana atalozetsa kubango, n'kumasula mwana kuti ayamwe. Anaganiza zomugulira Maliya sopo, wagwira ntchito.

Ndi pamene Maliya anatulukira m'kanjira ka kumsika, wefuwefu, chubu chili pamutu, chouma.

"Pepani anzanga, ndachedwa, ndinali kuchipatala ndi wamng'ono uja. Khungu lija achimwene akana. Ndiyambire pati kukoka?"

Kumbuyo kwa Feliya mpheta zinali zikulalatabe.